Mutu 4: Dzanja Lopatsira Moni

1. Munthu amene anasiya kupatsa moni

Ku Mpanshya kunalibe munthu wosadziwa moni wa ba Matthias. Mkati mwa sabata ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wopita kumishoni. Pa Sondo ankavala jekete lawo lakuda n'kuima pakhomo la tchalitchi kulandira anthu. Akakugwira dzanja unkamva mpaka m'phewa. Ana ankathawa, amayi okalamba ankadandaula, koma Sondo yotsatira onsewo ankabweranso atatambasula manja.

Ndiye kunabwera sitiroko. Inawapeza m'mawa wina ataweramira njinga ya mphunzitsi, sipanala ili m'manja. Sipanala inagwa, iwonso anagwa. Kuchipatala cha mishoni anati ndi bipi imene inakwera iwo osadziwa. Potuluka, pakamwa panali patawongoka ndipo mwendo unali utayamba kumvera, moti ankayenda ndi ndodo. Koma dzanja lamanja, lomwe lija lopatsira moni, linkangolendewera.

Mwana wawo woyamba, Emeliana, anali mu giredi 11. Amayi ake ankalawirira kumsewu waukulu wa ku Chipata kukagulitsa nthochi ndi tomato kwa apaulendo, chifukwa pakhomo pankafunika chakudya. Choncho sukulu itatsekera mu Ogasiti, wosamala atate anali Emeliana.

Kuchapa ndi kuphika sikunamuvute. Chimene chinkamutopetsa chinali kunama. Mlendo akangoodira panja, ba Matthias ankagona n'kutembenukira kukhoma.

"Uwauze ndagona."

"Atate, dzulonso ndinawauza choncho."

"Uwauzenso. Ukufuna ndiwapatse moni ndi lamanzere ngati munthu wosaleredwa?"

Apa ndiye panagona vuto. Kwathu kuno dzanja lamanzere silipereka moni, sililandira mphatso, silidyera pagulu. Mwana akayerekeza amamenyedwa pa zala. Ba Matthias eni ake anali ataphunzitsa ana a anthu ambiri mwambo umenewu pakhomo la tchalitchi, ndiye lero awuswe okha? Anasankha kubisala. Munthu amene ankadziwa dzina la aliyense m'parishi anasanduka wogona masana, ndipo Emeliana zinkamuwawa kwambiri.

2. Khalira manja ako

Lachiwiri lililonse Emeliana ankakweza atate ake pa kaliyala wa njinga n'kuikankha mpaka kuchipatala. Kumeneko kunali chipinda cha fiziyo, kumene odwala amaphunzitsidwa kugwiritsanso ntchito ziwalo zimene zafooka ndi matenda kapena ngozi. Munali mipira, zitsulo ziwiri zogwirira poyenda, ndi galasi lalikulu limene ba Matthias ankadana nalo.

Woyang'anira chipindacho anali ba Lubasi, bambo wamtali wa ku Mongu amene boma linawatumiza kuno kuchokera ku Lusaka. Chinyanja chawo chinali cha m'tauni, chosakaniza, koma manja awo anali odekha.

"Gwirani dzanja lodwalalo ndi lamanzere, apa pansi pa mkono," anatero ba Lubasi Lachiwiri lina. "Manje nyamulani pang'onopang'ono, mulibweretse kutsogolo. Eya, choncho. Tsegulani zala."

Dzanja linakwera likunjenjemera. Zala ziwiri zinagwedera.

"Mwaona? Dzanja ili silinafe."

"Awa ndi masewera a ana," anatero ba Matthias. "Ine ndinkamanga wilo la njinga nditatsinzina."

Ba Lubasi anaseka n'kuwaikira zotsekera mabotolo patebulo kuti azitola. Chimodzi chinagwa pansi. Chisanaleke n'kugubuduka komwe, Emeliana anali atachitola n'kuchiika m'dzanja la atate ake. Batani la malaya litamasuka, anathamanganso kukalimanga. Apo ba Lubasi anakoka mpando.

"Emeliana, khala apa. Ndikuuze chinthu, ndipo usakwiye. Mu ntchito iyi ndaona manja ambiri akuuma, ndipo ambiri mwa iwo sitiroko yokha siikanawaumitsa. Munthu akadwala, mkazi amamudyetsa, mwana amamuveka, mlongo amamusambitsa. Onsewa amamukonda, palibe woipa. Koma dzanja limatsala lopanda chochita. Ubongo wa atate ako unavulala, manje ukufunafuna njira yatsopano yolankhulira ndi zala. Njira imeneyo imatseguka chabe ngati zala zikuyesa, zikulephera, zikuyesanso. Nthawi yabwino ndi ino, miyezi yoyambirira ino. Mukaitaya, zala zidzapindika n'kuuma, ndipo kuziwongola kudzakhala kovuta kwambiri. Sindikunena kuti uwasiye agwe kapena agone ndi njala, iyayi. Akafuna kugwa, uwagwire. Usawakoke dzanja lodwalalo, ungawapweteke phewa. Akatopa, apume. Mankhwala a bipi asadumphe. Koma batani, supuni, kapu ya madzi, zimenezo ndi zawo. Ukamva manja ako akuyabwa kufuna kuthandiza, uwaike pansi pa ntchafu zako, uwakhalire."

"Anthu adzati ndine mwana wankhanza," anatero Emeliana.

"Adzatero," ba Lubasi anavomera. "Pamenepo sindingakunamize."

Kunyumba Emeliana anayamba. M'mawa uliwonse ankatulutsa mpando kuseri kwa nyumba, n'kuika lichero la nsawa pamiyendo pa atate ake ndi kapu yachitsulo pambali. Ntchito inali kutola nsawa ndi dzanja lamanja n'kuiponya m'kapu. Tsiku loyamba nkhuku zinakhuta. Ba Matthias anakalipira nkhuku, anakalipira Lubasi, anakalipira ndi amene anabzala nsawazo. Emeliana anakhala pa mtondo wogoneka, manja ali pansi pa ntchafu, misozi ikulengeza, koma sanadzuke.

Pang'ono ndi pang'ono kapu inayamba kulira kuti ngwe, ngwe. Chala chachikulu chinadzuka, kenako chamkombaphala. Tsiku lina ba Matthias anagwira okha mswachi. Sanayamike munthu, koma madzulo ake Emeliana anawamva akuimba chapansipansi nyimbo ya kwaya.

3. Ba anti afika

Ba Matthias anali ndi mlongo wawo wamkulu, ba Gwendoline, amene ankakhala m'mudzi wina kuseri kwa Shikabeta. Anali mayi wamfupi, wolimba, wolankhula kamodzi. Atatsiriza kukolola anauyamba ulendo wodzaona wodwala. Anafika m'mawa wina wa mphepo, thumba la mbatata lili pamutu, nkhuku ili m'khwapa.

Anaodira kumaso kwa nyumba, palibe anayankha, ndiye anazungulira kuseri. Kumeneko anapeza mlongo wawo thukuta lili kamukamu, malaya osamanga mabatani, akulimbana ndi nsawa imodzi, nkhuku zikuwazungulira. Pambali pake mtsikana wamkulu bwinobwino anali atakhala phee, atakhalira manja.

Thumba linagwa pansi. Nkhuku ya m'khwapa inathawa chingwe chili kumiyendo.

"Matthias, ndiwe?"

Anawagwira kumutu ngati kamwana, anamanga mabatani onse, anachotsa lichero n'kulikankhira kutali ndi phazi. Kenako anatembenuka. Emeliana anali atagwada kale kuti apereke moni, koma moniwo sunalandiridwe.

"Iwe mwana, undimvere bwino chifukwa sindibwereza. Munthu uyu ndinamubereka kumsana ine, amayi athu atamwalira. Ndinkamutafunira chakudya. Akadwala chifuwa ndinkamufunditsa chitenje changa, ine n'kugona chabe. Sindinamulere kuti adzatole nsawa pamodzi ndi nkhuku. Kwathu wodwala amagonekedwa, amasambitsidwa, amadyetsedwa. Wagwira ntchito moyo wake wonse, ino ndi nthawi yake yopuma. Amalume athu ba Chilala anagwa chimodzimodzi. Tinawasamala zaka ndi zaka, sananyamulepo ngakhale kapu, ndipo anamwalira ali oyera, opanda chilonda n'chimodzi chomwe. Anthu mpaka lero amatitamanda. Inu ana a masiku ano sukulu yakuphunzitsani kuwerenga koma yakuchotsani manyazi. Ukuganiza kuti kuseri kwa nyumba kulibe maso? Mawa anthu adzati ana a Matthias amamuseweretsa. Ndipo iwe ndiwe mtsikana. Dzina loipa likakumatira pa msinkhu wakowu, udzakalamba nalo. Tsiku lina udzadwala iwenso, ndipo mwana wako adzakhala apo akukuyang'ana. Udzandikumbuka."

Emeliana anadikira mpaka atatsiriza. Kenako anafunsa mwaulemu, maso ali pansi.

"Ba anti, nanga dzanja la ba Chilala linadzatseguka?"

"Ukundiyankha?"

"Iyayi. Ndangofunsa. Ba Lubasi a kuchipatala anati..."

"Lubasi ndi mbale wa ndani? Pa Sondo masana ba Musa akupita kwathu ndi galimoto yawo yonyamula chimanga. Matthias ndikumutenga. Akagona pa mphasa ya kwawo, pakati pa abale ake."

Madzulo amayi ake atabwera kumsewu, Emeliana anawatsatira kukhitchini n'kuwafotokozera zonse. Mayiwo anangopukusa mutu.

"Mwana wanga, kwa Asoli, mtundu wa atate ako, munthu ndi wa kwa amake. Ba mulamu ndiwo eni ake. Ine ndikatsegula pakamwa adzati ndatopa naye mwamuna. Khala chete."

Kuyambira tsiku limenelo lichero linabwerera kukhitchini. Ba Gwendoline anamanga dzanja lodwalalo pachifuwa ndi chitenje kuti lipume. Ankawadyetsa ba Matthias phala ndi supuni, ankawapukuta pakamwa, ankawavula nsapato. Ndipo tinene zoona, ba Matthias zinawakomera. Ndani safuna kuleredwanso? Lachiwiri linafika n'kudutsa, njinga ili chitsamirire pakhoma.

4. Zala ziyamba kupindika

Loweruka m'mawa ba Gwendoline anapita kumsika kukagula sopo wa paulendo. Emeliana anatseka chitseko, anagwada pafupi ndi atate ake n'kumasula chitenje chija.

Zala zimene zinali zitayamba kutola nsawa zinali zitapindikira m'chikhatho. Anaziwongola mofatsa chimodzi ndi chimodzi, monga mmene ba Lubasi anamusonyezera. Zinavomera, koma monyinyirika.

"Atate, taonani. Masiku ochepa chabe. Nanga mukakakhala kumudzi mpaka mvula itayamba? Msewu uja ukadzaza matope, kwa ba Lubasi mudzabwera bwanji?"

Ba Matthias anatembenukira kukhoma.

"Emeliana, kutola nsawa kwandipindulira chiyani? Ndingapite nako pakhomo la tchalitchi? Kuno aliyense amandidziwa. Ndikatuluka, manja onse amatambasukira kwa ine, ndipo ine ndilibe chobwezera. Kumudzi ndikabisala bwino."

Emeliana anangopempha chinthu chimodzi.

"Nyamulani kamodzi chabe, ndione."

Pofuna kuti awasiye, ba Matthias anagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere n'kuukweza kutsogolo. Unakwera mpaka pachifuwa. Chala chachikulu chinatseguka, chamkombaphala chinatsatira.

"Masewera," anatero, n'kuutsitsa.

Panja panamveka mapazi. Ba Gwendoline analowa n'kuona chitenje chili pansi. Anachitola, anachikung'untha, n'kumanganso dzanjalo molimba kuposa poyamba. Emeliana anatuluka atakwiya, anakasesa bwalo limene anali atasesa kale.

5. Dzanja la ba Zebron

Pa Sondo, Misa itatha, akhristu a mumphakati wawo anabwera kudzatsanzikana ndi ba Matthias. Anadzaza pansi pa mtengo wa mango, amayi pamphasa, abambo pamabenchi. Pakhonde panali matiresi opinda, chikwama ndi kathumba ka mankhwala. Tsiku limeneli kunalibe kugona. Munthu sachoka pamudzi osaonedwa ndi amene abwera kudzamupempherera.

Ba Gwendoline anawaveka ba Matthias jekete lakuda lija, anawakhazika pampando, n'kuphimba dzanja lamanja ndi chitenje pamiyendo. Kenako anaima pakati pa bwalo.

"Zikomo nonse mwabwera. Wodwala wathu sapereka moni wa m'manja. Ingoombani m'manja muli pomwepo, iye akumva."

Anthu anaomba m'manja mofatsa. Ba Matthias anagwedeza mutu, maso ali pa nsapato zawo. Ba Gwendoline anakodola Emeliana kuti agwade pambali pa mpando.

"Wina akayandikira, umuyankhire ndiwe. Chitenjecho chisachoke. Wamva?"

Anaimba nyimbo, anapemphera. Pemphero lili pafupi kutha, panjira panatulukira mkulu wina akufufuza pansi ndi ndodo. Anali ba Zebron, katekisiti wopuma, mnzawo wa ba Matthias kuyambira ali anyamata. Maso awo anali atachita ng'ala ndipo makutu nawo ankasankha zomva. Matenda aja atagwera ba Matthias, ba Zebron anali kwa mwana wawo ku Chongwe, moti anali asanamuone mnzawoyo.

"Matthias ali kuti?" anafunsa mokweza. "Ndamva kuti akuthawa osanditsanzika."

Wina anawalondolera kumpando. Ba Zebron anaima kutsogolo kwa ba Matthias, anasamutsira ndodo kumanzere, n'kutambasula dzanja lamanja monga ankachitira Sondo iliyonse pakhomo la tchalitchi.

Dzanjalo linaima m'malere.

"Emeliana, auze," ananong'ona ba Gwendoline.

Emeliana anayang'ana dzanja la ba Zebron. Anayang'ana ba anti ake. Kenako anagwira nsonga ya chitenje chija, anachikoka pang'onopang'ono, anachipinda bwinobwino n'kuchiika pansi. Dzanja lodwala linaonekera kwa onse, zala zitapindika. Mtsikanayo anakhala pansi, analowetsa manja ake pansi pa ntchafu, n'kunena momveka.

"Atate, ba Zebron akudikira."

Mayi wina pamphasa anagwira pakamwa. Amake Emeliana anaweramitsa mutu. Ba Gwendoline anati, "Mwana iwe," ndi mawu amene akanatha kuumitsa munthu. Koma oopsa kwambiri anali maso a ba Matthias. Chibadwire Emeliana anali asanayang'anidwepo choncho ndi atate ake. Anachita mantha, koma manja sanawatulutse.

"Monga dzulo, atate," anatero chapansipansi. "Lamanzere ligwire pansi."

"Nanga bwanji?" anafunsa ba Zebron, amene sankaona chilichonse cha zimenezi. "Dzanja langa likutopa. Kapena wayamba kunyada?"

Dzanja lamanzere la ba Matthias linasuntha, linalowa pansi pa mkono wamanja, linagwira. Mkono unakwera pang'ono n'kubwerera. Thukuta linatsika m'masaya. Anapumira m'mwamba n'kuukwezanso, ndipo ulendo uno unapitirira. Chala chachikulu chinatseguka. Chamkombaphala chinatsatira. Zinazo zinangotseguka theka, koma malo olowa dzanja la munthu anapezeka.

Zikhatho ziwiri zinakumana.

Ba Zebron anagwira. Ndodo anaitsamiritsa pamwendo, ndipo ndi dzanja linalo anapapasa mkono wa mnzawo mpaka anapeza dzanja lamanzere litachirikiza pansi. Kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Aa, Matthias. Zaka zonsezi wakhala ukundithyola zala ngati ukumanga nati ya njinga, lero wandipatsa moni wa manja awiri ngati ndine bishopu? Kani matenda amaphunzitsa ulemu."

Anthu anayang'anitsitsa, ndipo zinalidi choncho. Lamanja kutsogolo, lamanzere litachirikiza mkono: umu ndi mmene munthu woleredwa bwino amaperekera moni kwa wamkulu. Ndi moni womwe uja ba Matthias ankaphunzitsa ana pakhomo la tchalitchi. Anali atachita zimenezi kambirimbiri m'chipinda cha fiziyo ndi kuseri kwa nyumba, akuzitcha masewera, chifukwa kutsogolo kwawo kunalibe dzanja la munthu lodikira.

"Tafinya ndimve," anatero ba Zebron.

Ba Matthias analuma mano.

"Ndamva. Pang'ono, koma ndamva. Ndiwe ndithu."

Apo ba Matthias anaseka, koyamba chigwereni pa njinga ija, misozi ikutsika. Amayi a kwaya anayamba nthungululu. Mmodzi ndi mmodzi anthu anadzuka n'kufola, aliyense atagwira mkono wake wamanja ndi dzanja lamanzere. Ba Matthias ankawatchula mayina onse, ndi a ana awo omwe, osaphonya.

Mzere usanathe, Emeliana anaona phewa la atate ake likugwa. Pamenepo anatulutsa manja ake, anathamangira m'nyumba, anabweretsa pilo n'kuuika pansi pa mkono wotopawo.

"Lero zakwana," anauza otsalawo mwaulemu. "Ba Lubasi anati akatopa azipuma. Mubwerenso mkati mwa sabata, muwapeza ali maso."

6. Yankho la ba anti

Kumsewu galimoto inaliza hutala. Ba Musa anatulutsa mutu pawindo.

"Tiyeni akuluakulu, dzuwa likupita."

Anyamata awiri anadzuka kuti anyamule matiresi. Ba Matthias anawaimitsa ndi mawu awo akale, a pakhomo la tchalitchi.

"Asiyeni pomwepo. Ba Musa, muyende bwino. Ine Lachiwiri ndili ndi ntchito kuchipatala."

"Matthias," anatero ba Gwendoline.

"Ba sisi, bwerani pafupi. Chifikireni mwandidyetsa, mwandisambitsa, ndipo ndikuthokoza. Koma moni sitinapatsane."

Mkono unali utatopa, ndipo unakwera movutikira kuposa poyamba. Ba Gwendoline anauona ukunjenjemera ndipo manja awo anafuna kuuwakha. Anadziletsa. Anadikira mpaka unafika, ndipo anaulandira. Zala za mlongo wawo zinawafinya pang'ono, ngati mmene kamwana kamagwirira chala cha amake.

Anakhala atagwira choncho, osayang'ana munthu. Polankhula, mawu anali otsika, ndipo anawamva ndi a pafupi okha.

"Dzanja la amalume ba Chilala silinatsegukepo. Tinawaika m'manda lili chifumbatire."

Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. Galimoto inaliza hutala kachiwiri, ndipo iwo anaibayibitsa ndi dzanja kuti izipita. Potembenuka anaona batani la jekete la ba Matthias litamasuka. Anawerama kuti alimange.

"Limenelo ndi langa, ba sisi."

Manja a ba Gwendoline anaima panjira, osadziwa kopita. Potsiriza anawaika kumbuyo. Anayang'ana zala zija zikulimbana ndi batani, likuterereka, zikuligwiranso. Atalephera kupirira, ananyamula chikwama chawo pakhonde n'kukachiponya m'chipinda cha Emeliana. Potuluka anaima pamaso pa mtsikanayo.

"Ngati iye sapita, inenso sindipita. Ndipo iwe usaganize kuti nkhani yako yatha, wandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Lachiwiri njinga ndikankha ine. Ndikufuna Lubasi ameneyo akandiyang'ane m'maso, andiuze amene anamuphunzitsa kuti ana azikhalira manja."